Habu ya Kumanzere

"Musaikhudze," anatero Mayi Sindichotsa asanatsike n'komwe pakhonde.

Alamu awo, akulu awo a malemu amuna awo, anali atagwada kale kutsogolo kwa galimoto, dzanja lili pa jeke. Anacheuka mosafulumira, ngati munthu amene waitanidwa ndi kamwana. Linali Lachinayi, tsiku lachitatu chiikireni maliro. Mipando yobwereka inali itabwerera kwa eni ake m'mawa womwewo, moti pabwalo panatsala zinthu ziwiri zokha zonena kuti pakhomopa pachoka munthu: udzu wopondekapondeka, ndi pikapu yoyera ija itaima ndi miyendo itatu.

Tayala lakutsogolo chakumanzere linali chigonere pomwe malemu analigoneka. Pamalo pake panatuluka chitsulo ngati fupa, atachikulunga ndi thumba la pulasitiki kuti mchenga usalowe. Pambali panali beseni lakale losambitsiramo ana, muli mabawuti, sipuling'i ndi tizitsulo tina tamafuta. Pamenepo ndi pomwe Mayi anawapeza amuna awo Lachisanu lapitalo masana, atakhala pansi, msana atatsamira chitseko, sipanala ili pamiyendo. Anawakalipira kuti akugona pantchito tiyi n'kumazizira. Anawakalipira kawiri. Kachitatu anangoika kapu pansi.

Alamu anaimirira n'kusasa mawondo. Anati palibe chimene akuba, akungoyang'ana. Galimoto singakhale chonchi mpaka kalekale, anatero, anthu odutsa ayamba kuwolokera tsidya lina la msewu akaiona. Ndiye iwo, monga wamkulu wotsala, aganiza. Loweruka ichoka. Ipita kwawo kuseri kwa phiri, komwe ali ndi ntchito yotuta mchenga, ndipo Chitsiriza, mwana wa malemu, ndi amene aziiyendetsa, azilandira pamwezi ngati munthu.

"Mwaganiza ndi ndani?"

"Mlamu, inu simuyendetsa. Ngakhale mapepala ake omwe..." Anasiyira pomwepo, koma kotsalako aliyense anakumva.

Mayi anayang'ana mwana wawo. Chitsiriza anali ataima pafupi ndi mpope. Bambo wandevu zake, mkazi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, koma maso ali pa zala zakumapazi ngati wagwidwa ndi shuga m'kamwa. Basi, Mayi anadziwa kuti nkhaniyi inaphikidwa maliro ali m'nyumba.

Zoti sawerenga sizinali zachinsinsi. Sukulu anailekera pomwe ena amayambira. Koma zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala akupikula kabichi ndi mbatata kwa alimi a kumtunda n'kumagulitsa kumsika, ndipo palibe anawapusitsapo. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Wogula akangoti chotsaniko pang'ono, yankho linali lomwelo, mpaka yankholo linasanduka dzina. Matumba awo ankawadziwa ndi chizindikiro cha penti yofiira: kadontho, pansi pake kamzere. Ndiko kunali kulemba kwawo konse. Amuna awo ankayendetsa, iwo ali pampando wa pambali. Pakafunika kutsika m'matope kukaika mwala kuseri kwa tayala, wotsika anali iwo, poti katundu akadzaza, woyendetsa sachotsa phazi pa buleki pamtunda.

Zaka zaposachedwa nyamakazi inawalowa m'manja. Mfundo za zala zinatupa, dzanja silinkafumbatikanso lonse. Malemu sananenepo kanthu. Ankangosiya mabotolo patebulo atatsekula kale, ngati aiwala kutseka.

Msewu wa kwa alamu unali womwewo wa kumtunda, ndipo Mayi ankadziwa malo ake oipa: chitunda cha dongo lofiira, mbali iyi khoma la phiri, mbali iyo phompho loti ukaponyamo mwala sumva pomwe wagwera.

Galimoto ija, pakavuta, imakoka ndi matayala onse anayi. Pakati pa tayala lililonse lakutsogolo pali chitsulo chonga chitini, amati habu. Ndiyo imalumikiza tayala ku mphamvu ya injini. Mahabu omwe inabwera nawo anali odzitsekera okha: ukakoka giya yaifupi yolowetsera matayala akutsogolo, amaluma okha, kanyali kobiriwira n'kuyaka kutsogolo kwa dalaivala. Akakhala atsopano, zili bwino. Akakalamba amayamba bodza. Mwezi watha, pa chitunda chija, anakumana ndi lole ikutsika. Malemu anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti idutse, ndiye pomwe amati anyamuke, kutsogolo kunangolira kuti krrr, ngati munthu akukukuta mano m'tulo. Kanyali kali chiyakire. Galimoto inatsetsereka chammbuyo ndi matumba ake onse, n'kukaima tayala litatsala chikhatho chimodzi kuti lipite. Anatha maola atatu akukumba ndi kututa miyala mvula ili pamsana. Atalowanso m'galimoto, malemu anagwira pachifuwa, milomo itayera. Anati ndi mpweya wa m'mimba.

Sabata yotsatira anabwera ndi katoni: mahabu awiri apamanja, oti munthu azitsika n'kupotokola yekha kachitsekero kapakati pake. Mayi anawanyoza tsiku lonse. Anthu akugula zinthu zodzichitira zokha, inu mukubwerera m'mbuyo? Malemu anali munthu woumira mawu ngati amagula. Anangoti chinthu chodzitsekera chokha chimadzitsekulanso chokha, osakuuza.

Masiku amenewo anayamba timakhalidwe tachilendo. Ankadzitsekera mu shedi ndi makina owotcherera. Chitini cha penti cha Mayi chinapezeka chosatseka bwino, mpongozi n'kukalipiridwa ulele. Tsiku lina akudikira alimi m'galimoto, malemu anawagwira dzanja, n'kuwapindira zala pa zala zawo ziwiri, n'kumaziyang'ana. Mayi analanda dzanja lawo. Anati zachibwana zimenezo anazisiya asanabereke, ayang'ane msewu.

Habu ya kumanja malemu anaimanga Lachinayi, dzulo lake la imfa yawo. Ya kumanzere inali ikadali m'katoni, pansi pa bedi.

Masana a tsiku lomwe alamu analengeza zimenezi, mpongozi akuchapa ovololo ya malemu anapeza kanthu m'thumba. Kanali kapaipi kotalika ngati dzanja, kumapeto atawotchererako timano tiwiri tachitsulo, chogwirira atachikulunga ndi malegeni mpaka kunenepa ngati mkono wa khanda. Anakabweretsa patebulo. Chitsiriza anakatembenuzatembenuza n'kunena kuti si sipanala iliyonse imene akuidziwa. Alamu anaseka, anati n'chotsekulira mowa, mng'ono wawo ankamwa mobisa akazi awo akapita kumsika. Palibe anaseka nawo. Mayi anakatenga n'kukaponya m'thumba la epuloni, momwe munkakhala chingwe, mpeni ndi singano yosokera matumba. Chifukwa chake sanachidziwe. Kanali kotsiriza kukhala m'thumba mwa amuna awo, basi.

Lachisanu m'mawa anapita kwa amakanika. Anali mkulu wina wa galaja yakuseri kwa msika, anthu ankati aZala Zinayi, poti chala chimodzi chinatsalira mu injini ya thirakitala kalekale. Mkuluyo anayamba ndi kupepesa. Mayi anati kupepesa amva kokwana chaka, abwera za habu. AZala Zinayi anati akamanga, awapatse bokosi la zipangizo la malemu. Mayi anati bokosilo adzalowa nalo m'manda iwo. Mkuluyo anatsika, anati jeke wamkulu ndi mahabu akale. Mayi anati mahabu akale okha, ndi thumba la mbatata, girizi abwere naye yekha. AZala Zinayi anapukusa mutu, anati ankayesa maliro awafewetsako.

"Wofewa ali kumanda," anatero Mayi.

Anagwirizana pa mahabu, mbatata, ndi kabichi pamwamba. Mkuluyo ananyamula chikwama chake akung'ung'udza kuti mbatatazo zikhale zosaola.

Pobwerera kunyumba, awiriwo anamva injini asanakhote pa ngodya.

Galimoto inali itaima ndi miyendo inayi. Jeke ali uko, beseni lili lopanda kanthu, thumba la pulasitiki likuuluka pabwalo. Alamu, malaya atapinda, manja ali bii, ankamwetulira ngati dokotala wotulutsa wodwala. Iwo ndi Chitsiriza anali atabwezeretsa habu yakale ija kumanzere. Anati ilibe vuto, angoitsuka ndi petulo n'kuidzaza girizi. Mng'ono wawo, anatero, anali munthu wabwino koma wamantha, ankafuna kusandutsa galimoto yamakono ngolo. Yatsopano ya kumanjayo aisiya, aitseka kale. Ndiye mbali imodzi ndi yotsimikizika. Ina ikavuta, imeneyo ikoka.

"Dzionereni nokha," anatero akuloza kanyali. Kanali kobiriwira.

AZala Zinayi anaika chikwama pansi. Anafotokoza mofatsa, maso ali pa Chitsiriza osati pa alamu. Kanyali aka, anati, kamangonena kuti giya yalowa, za kumatayala sikadziwa kanthu. Ndiponso matayala akutsogolo sakoka limodzilimodzi. Mphamvu ili ngati madzi m'ndowa, imathawira kobooka. Mbali imodzi ikasiya, yonse imapita kumeneko kukazungulitsa chitsulo chopanda ntchito, tayala lotsekedwa bwinolo n'kumangotsatira ngati la wilibala. Girizi wambiriyo ndiye waipitsiratu, mano a m'kati alephera kutsetsereka kuti alumane.

Alamu anati makanika sanaonepo galimoto yamoyo.

Mayi sanalowerere. Anazungulira, anatsekula chitseko, anazimitsa injini ndi manja awiri, n'kuika kiyi pachifuwa, m'kati mwa bulauzi.

"Amene angathe adzatenge," anatero.

AZala Zinayi anati iwo sakhudza galimoto imene eni ake akukangana. Akagwirizana awaitane. Pa geti anaima n'kuwauza Mayi motsitsa mawu kuti ikapita chonchi, asadzawavutitse kuti akaikoke. Kumene ikagwereko kulibe chingwe chofika.

Chitsiriza anawapeza Mayi kukhitchini akulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mafuta. Sanawathandize. Anati iye ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mwana ali m'njira, ndipo sanagwirepo ntchito yolembedwa. Abambo aakulu amupatsa mwayi. Kodi azingonyamula matumba mpaka imvi? Mayi anati matumbawo ndi amene anamumeretsa ndevu. Ngati akufuna ntchito, ntchito ilipo, mpando wa bambo ake uli wopanda munthu. Koma pa chitunda chija ndi habu imeneyo, ayi. Aika kale mmodzi sabata ino, dothi lake silinaume.

"Anawapha ndani?" anatero Chitsiriza, mawu ali pansi. "Si mbatata zanu? Munthu akugwira pachifuwa mwezi wathunthu, inu maso ali pa matumba."

Mayi anaika botolo pa sinki, losatsekula. Anayang'ana pawindo. Kumtunda kunali kutada kale, mitambo itakhala paphiri ngati yabwera kudzakhalitsa.

Chitsiriza atatuluka, mpongozi analowa n'kutsekula botolo lija. Kenako, akupukuta mbale yomwe inali youma kale, anati mwamuna wake walongedza chikwama, chili kuseri kwa chitseko. Anati wayesa kumuletsa, iye akuti zagalimoto si za akazi.

"Amayi, ine sindifuna kuti mwanayu adzamudziwe pa chithunzi."

Mayi anamuuza kuti akakhale pansi, miyendo yatupa.

Mvula inayamba madzulo omwewo, n'kugwa mpaka Loweruka m'mawa. Alamu anatuluka ndi chikwama chawo chaulendo n'kukhala pakhonde, kumayang'ana wotchi. Anati safuna phokoso pakhomo pamene pangochoka maliro, koma kiyi ndi chinthu choti amakusulira kumsika ola limodzi. Kaya lero, kaya Lolemba, galimoto ipita, ndipo mnyamatayu wanena kale yekha kuti apita nayo.

Mayi anadziwa kuti n'zoona. Kiyi ungabise m'bulauzi, munthu wandevu sungabisemo. Ndiye anachita chimene ankachidziwa: anatchula mtengo.

Kuseri kwa nyumba kunali kanjira kotsika kupita ku shedi yosungiramo matumba. Dongo lokhalokha, kumunsi kwake mpanda wa njerwa, kuseri kwa mpanda ngalande yakuya. Galimoto itsikire kumeneko, anatero Mayi, aikemo matumba onse amene ali mu shedi, ikwere. Ikafika pakati iime, ibwerere m'mbuyo mapazi atatu ngati ikupatsa njira lole, ndiye inyamukenso. Ikakwera, aitenge, ndi jeke yemwe. Ikalephera, ikhala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Alamu anafunsa kuti kubwerera m'mbuyoko n'kwa chiyani, angoikweza basi. Mayi anati sachotsa. Anawonjezera kuti iwonso akwera.

"Amayi, tsalani," anatero Chitsiriza.

"Ngati ili bwino ukuopa chiyani?"

Anauza mpongozi kuti aimbire aZala Zinayi, abwere adzaone ndi maso awo, asadzati anamva. Mkuluyo anafika atavala thumba kumutu, n'kuima patali ndi mpanda. Matumba ananyamula Chitsiriza yekha. Alamu anati msana.

Chitsiriza anakoka giya yaifupi. Kanyali kanayaka. Galimoto inanyamuka, kutsogolo kunagunda kamodzi, ndipo inayamba kukwera, matayala onse anayi akukumba dongo bwinobwino. Pamtunda alamu anatambasula manja ngati akulandira mlendo. Mtima wa Mayi unagwa. Anali atabetcha mwana ndi galimoto pa phokoso limene analimva kamodzi kokha.

"Ima," anatero. "Bwerera."

Anabwerera mapazi atatu. Anaika giya yoyamba. Anatulutsa kilachi mwaulemu, monga anamuphunzitsira bambo ake.

Krrr.

Kumbuyo kunayamba kuvina. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi akumwaza matope, akutsogolo ali duu ngati za eni. Chitsiriza anawonjezera moto, phokoso lija linakula ngati chitsulo chikutafuna chinzake. Ndiye anaponda buleki, ndipo pamenepo ndi pomwe inapita. Matayala onse atagwidwa, galimoto inatsetsereka chammbuyo, cham'mbali, mwakachetechete, ngati sopo m'beseni. Mpongozi, ali pakhonde, anagwira pamimba. Mayi sanagwire paliponse. Ankangoyang'ana mpanda ukukula pagalasi.

Inagunda. Njerwa zapamwamba zinagwera kuseri, ndipo panapita kanthawi asanazimve zikufika m'madzi.

Injini inazima. M'galimoto munatsala mvula yokha ikugogoda padenga.

"Taona kanyali kako," anatero Mayi akuloza ndi chibwano. Kanali kobiriwira. "Kakuti zonse zili bwino." Anakankha chitseko ndi chigongono. "Kuphiri kuja kulibe mpanda."

AZala Zinayi anagwira ntchito pomwepo, pakhomo pa shedi, atayala katoni pansi. Chitsiriza anapita yekha kukatenga habu yatsopano pansi pa bedi, n'kugwada pambali pawo, kumalandira chilichonse chochoka. Mabawuti asanu ndi limodzi. Chivindikiro. Kamphete kawaya kamene kanauluka n'kukagwera m'matope, anthu atatu n'kumakasaka chogwada. Kenako zam'kati za habu yakale zinatuluka zonse pamodzi, girizi ali mbwee, ndipo mkuluyo atapukuta anaonetsa alamu mano ake. Anali atatha, osalala ngati nkhama za nkhalamba. Anachotsa nati yakale n'kuika imene inabwera m'katoni. Anamanga, anazungulitsa gudumu, anamasula pang'ono, anamanganso, mpaka linayenda mosagwedera. Girizi anapaka wochepa, ndi nsonga ya chala. Anati ya kumanja malemu anaimanga bwino kuposa mmene iwo akanachitira, anali munthu wosathamanga. Polowetsa yatsopano anauza Chitsiriza kuti mabawuti amange yekha, modumphitsa, ili kenako loyang'anana nalo.

Alamu anaonerera zonsezo ali pansi pa ambulera. Mayi ankawaona ndi m'mbali mwa diso. Munthu wogonja amachoka. Awa sanachoke.

Jeke atatsika, alamu anatsokomola. Anati chabwino, analakwitsa, ndipo akuthokoza kuti zaonekera pano osati kuphiri. Koma tsopano galimoto yakonzeka, choopsa chatha, ndiye choiletsa kupita n'chiyani? Mayi anati pangano ndi pangano. Alamu anati pangano linali la galimoto yodwala. Anayandikira, mawu atawafewetsa, ndipo kufewako n'kumene kunali koopsa. Mlamu aganize bwino, anatero. Mahabu awa ndi apamanja. Pa chitunda paja, katundu atadzaza, mnyamatayu phazi lili pa buleki, adzatsike ndani kukapotokola? Kumchenga kuli amuna anayi amanja awo. Kuno kuli ndani?

"Potokolani tione," anatero. "Mukatha, ndinyamula chikwama changa."

Chitsiriza anati ayi, abambo aakulu, asatero. Koma Mayi anali atagwada kale m'matope.

Kachitsekero kanali pakati pa habu, kolowa m'kati, kokhala ndi maenje awiri olowetsamo zala. M'mphepete munali mawu awiri achizungu atapakika matope. Lotseka ndi liti, sanadziwe. Analowetsa zala. Sizinakwane bwino. Anakanikiza, ululu unathamanga mpaka m'phewa. Kanali katsopano, kouma. Anayesa ndi dzanja lina. Anayesa ndi onse awiri, mano ataluma mlomo. Sikanasunthe n'pang'ono pomwe.

Alamu sananene n'komwe kuti mwaona. Anangotambasulira dzanja Chitsiriza, chikhatho chili m'mwamba, kudikira kiyi.

Mayi anatsamira ntchafu kuti adzuke, ndipo chinthu cholimba chinawabaya kudzera mu epuloni. Anapisa m'thumba. Chingwe. Mpeni. Kapaipi kaja.

Anakayang'ana. Anayang'ana maenje awiri aja. Timano tinalowa ngati tinabadwira momwemo.

Asanapotokole anapukuta matope ndi nsonga ya epuloni kuti aone kolowera. Pamwamba pa liwu limodzi lachizungu panali penti yofiira: kadontho, pansi pake kamzere.

"Si ine," anatero aZala Zinayi. "Yatuluka m'katoni ili choncho."

Mayi anakankha ndi chikhatho, osati ndi zala. Kachitsekero kanayenda, n'kukaima pa chizindikiro chawo kuti kha.

Alamu anabweza dzanja lawo n'kuliika m'thumba. Anati nkhaniyi sinathe, abale akadzakhala pansi idzakambidwanso. Mayi anati akamadzabwera adzabwere ndi njerwa za mpanda. AZala Zinayi anatola mahabu awo akale, anati mbatata adzatenga kukacha bwino. Chitsiriza ananyamula chikwama cha abambo ake aakulu kuti awaperekeze kokwerera basi, ndipo ali pa geti anawauza kuti Lolemba asamudikire, ali ndi ulendo wa kabichi ndi amayi ake. Kiyi anali m'thumba mwake.

Mayi anatsala okha ndi galimoto. Anazungulira kumanja, anagwadanso, anapukuta. Chizindikiro chinalipo kumenekonso, penti itayenderera pang'ono, ngati dzanja lopaka linanjenjemera. Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira chitseko, madzi akudontha kuchokera padenga la shedi.

Tsopano anakayang'ana bwino kapaipi kaja. Malegeni anawakulunga, n'kuwonjezera, n'kuwonjezeranso. Pankaoneka pomwe anamasula n'kuyambiranso. Mayi anafumbata pang'onopang'ono, mpaka pomwe zala zawo zinkalekezera masiku ano. Zinalekezera pa malegeni penipeni, osatsala mpata.

"Kani munkandiyeza," anatero.

Anakapukuta ndi epuloni, n'kukabwezera m'thumba.